Milombwa ya Amiyala

Ine ndine kalipentala, ndipo zaka zonse zimene ndagwira sowo ndakhala ndikuuza makasitomala kuti thabwa loposa mlombwa kulibe. Silipindika, chiswe chimaliopa, ukamalipala limanunkhira, ndipo ukalipaka vanishi mlendo amayamba walisisita asanakhalepo. Koma mlombwa uli chilili, uli ndi khungwa ndi maluwa ake, ndinauona koyamba ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Amene anandionetsa ndi apongozi anga.

Apongozi angawo ankagwira ntchito ku nazale ya kampani ina yobzala mitengo ya matabwa. Ntchito yawo inali yothira dothi m'machubu, kufesa paini ndi bulugamu, kuthirira m'mawa ndi masana, ndi kuzula udzu ndi zala. Anaiyamba ali ndi khanda kumsana, amuna awo atangomwalira kumene, ndipo ana atatu aakazi anawalera ndi ntchito yomweyo. Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wa mawu oti akanong'oneza kuno amamveka kuseri kwa shedi. Jombo sankavula ngakhale Lamlungu. Kuntchito aliyense ankawatchula kuti Amiyala, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba, moti ana awo akamva jombo pakhonde ankauzana kuti, "Amiyala afika, tsekani wailesi."

Tsiku loyamba kupita kwawo ndinanyamula kampando kamene ndinakhoma ndekha, kuti aone kuti mwana wawo wamkulu sakukwatiwa ndi munthu wa manja lende. Ankakhala m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, pamzere wa nyumba zofanana. Analandira kampandoko, n'kukatembenuza, n'kukanunkhiza.

"Mwakhoma nokha?"

"Ndekha, amayi."

"Ndi mlombwa uwu."

"Weniweni, amayi," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

"Unali ndi zaka zingati?"

Ndinayang'ana chibwenzi changa kuti chindithandize. Icho chinayang'ana kudenga.

"Sindikudziwa, amayi. Ife timangolandira matabwa."

"Nanga maluwa ake ngotani?"

"Kodi umachita maluwa?"

Ang'ono ake awiri a chibwenzi changa, amene ankamvetsera kuchipinda, anaphulika ndi phwete. Amayi sanaseke. Anaika kampandoko pansi, n'kukhalapo, n'kukagwedeza kuti amve ngati n'kolimba.

"Dzanja muli nalo," anatero. "Koma mukudyera mlombwa nkhope yake osaidziwa. Mubwere Loweruka m'mawa. Muvale nsapato zoti zikang'ambika simulira."

Loweruka ndinabwera. Unali mwezi wa Seputembala, kutentha kutayamba. Kuseri kwa nazale kunali phiri laling'ono limene kampani inalisiya osabzalapo chifukwa cha miyala. Pansi ponse panali paini woima m'mizere, m'kati mwake muli zii, mopanda ngakhale mbalame. Koma titangodutsa msewu wotchinga moto n'kuyamba kukwera, dziko linasintha. Dothi linali lamchenga, lofiirira, lodzaza nsangalabwi zotereretsa. Udzu unali utapsa, msipu utayamba kusuzumira paphulusa. Mitengo inali yotalikirana, dzuwa likufika pansi bwinobwino. Panali mitengo ya tsamba yovala masamba atsopano ofiira, masuku apa ndi apo, ndi zitsa zakuda zambirimbiri, zina zazikulu zoti anthu atatu n'kukhalapo.

"Zitsa izi ndiyo mipando yanu ija," anatero amayi osatembenuka.

Choyamba kundipeza linali fungo, lotsekemera ngati uchi wothiramo lalanje. Kenako kulira kwa njuchi. Titazungulira thanthwe lalikulu limene lili pakati pa phirilo, ndinauona. Unali mtengo wokalamba, wopindika ngati chigongono, wa khungwa lakuda long'ambikang'ambika. Tsamba unalibe n'limodzi lomwe. Nthambi zonse zinali zitavala maluwa achikasu okhala ngati akufuna kufiira, olendewera m'magulumagulu, ndipo ena anali atayoyoka pansi, moti tinkaponda chikasu chokhachokha. Apa ndi apo panali patatsala zipatso zouma za chaka chapitacho, zozungulira ngati sosala, pakati pali ubweya wolasa.

Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula.

"Uwu ocheka matabwa anausiya chifukwa ngopindika, ndiponso uli ndi mphako," anatero amayi. Anakanda khungwa pang'ono ndi kampeni, ndipo panatuluka utomoni wofiira ngati magazi. "Ndiwo mayi wa onse amene ndikufuna muwaone."

"Onse ati, amayi?"

"Yang'anani pansi. Maso anu azolowera matabwa."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti phiri lonselo linali ndi timipanda ta miyala, tozungulira ngati mbale yaikulu. M'kati mwa tina munali kamtengo kouma kochepa ngati chitsotso cha tsache. M'kati mwa tina munali mphukira ya masamba atatu kapena anayi. M'kati mwa tina munalibe chilichonse.

Anandifotokozera tili chiimire. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, anatumidwa ndi anzawo kukatchetcha msewu wotchinga moto. Chikwakwa chili m'mwamba, anaona kamtengo kofika m'bondo, masamba ake ofanana ndi a mtengo wopindika uja. Anakasiya, n'kuikapo mwala kuti asakaiwale. Chilimwe chitafika kanauma mpaka pansi, iwo n'kuti basi kafa. Koma mvula itayandikira kanatulukanso pamwala pomwepo. Chaka chotsatira chimodzimodzi: kuuma, kutulukanso, osatalika ngakhale chala. Atayamba kuyang'anitsitsa anapeza kuti timitengo totere tadzaza phiri lonse, ndipo anthu akhala akutitchetcha chaka ndi chaka poganiza kuti ndi thengo wamba.

"Ndiye ngati sikatalika, kamakula liti?" ndinafunsa.

"Kamakulira pansi. Pamwamba kamangosuzumira kuona ngati kunja kuli bwino."

Anandiuza kuti njere yake imafuna moto wopepuka woti uwaule ubweya uja ndi phiko lozungulira chipatsocho, koma moto waukali wa mu Okotobala, udzu utauma kwambiri, umapsereza zonse. Anali atayesapo kufesa m'machubu ku nazale. Pa njere zana zinamera zisanu, ndipo zisanuzo mizu itangogunda pansi pa chubu zinafota.

"Sufuna chubu uwu. Umafuna mchenga, miyala, dzuwa, ndi kuusiya."

Koma kuusiya kwa amayi inali ntchito. Nthawi yopuma masana, anzawo akagona pamthunzi wa shedi, iwo ankakwera phiri ndi khasu kukapalira udzu kuzungulira timipanda tija, kuti moto ukabwera udutse chapatali. Palibe anawatuma. Kapitawo wa ku nazale, bambo wamtali wokonda nthabwala, ankawafuulira akamatsika: "Amiyala, munda wa miyala uja mukolola liti? Ikapsa mutigaireko!" Anthu ankaseka, amayi n'kungotola kheni yawo n'kuyamba kuthirira paini.

Ndinakwatira mwana wawo. Patatha zaka ziwiri, ku nazale kunabwera abwana atsopano, mayi wachitsikana wongochoka kumene ku koleji, wovala chipewa chachikulu, kope lili m'manja nthawi zonse. Anabwera ndi lamulo lochokera kulikulu: phiri lija ligumulidwe ndi katapila, pabzalidwe bulugamu.

Amayi anamva Lachisanu. Loweruka anafika ku shedi yanga yokhomera ndili pakati popala chitseko.

"Bambo a kalipentala, Lolemba mutseke. Ndikufuna inuyo ndi piki."

Lolemba m'mawa anaima pakhomo la ofesi, ine kumbuyo kwawo ndi piki paphewa ngati wolakwa. Kapitawo anayesa kuwabweza, koma mawu awo anali atalowa kale m'kati.

"Bwana, musanagumule phiri, mundipatseko ola limodzi."

Abwanawo anatuluka. "Kuli chiyani kuphiriko, amayi? Pamapu alemba kuti ndi tchire."

"Kuli milombwa mazana atatu ndi makumi anayi."

Kapitawo anaseka mpaka kugwira khoma. "Bwana, ulipo umodzi wokha, wopindika. Inayo ndi miyala. Amayiwa amalima miyala."

Abwana anayang'ana amayi, n'kutenga chipewa chawo. Tinakwera anayi.

Amayi anatipitiriza timipanda tambiri n'kukaima pa kamodzi ka m'mphepete mwa msewu wa moto. M'kati munali mphukira yowonda ngati pensulo. Ndinakazindikira.

"Amayi, uwu si woyamba uja?"

"Kumbani, bambo. Tikakumba waung'ono sakhulupirira."

Ndinakumba. Mchenga, miyala, mchenga. Nditafika pakuya ngati mkono, muzu unayamba kuoneka, ndipo m'malo mowonda unkanenepa. Ndinakumba mpaka dzenje linandifika m'chiuno. Muzuwo unali waukulu ngati ntchafu yanga, wakuda, wa zipsera pamwamba pomwe mphukira za zaka zisanu ndi zinayi zinkatulukira n'kuuma, ndipo unkapitirirabe pansi pomwe piki sinkafika. Mwangozi ndinaukhapa pambali. Unatuluka magazi.

Kapitawo anasiya kuseka. Abwana anakhala chonjuta m'mphepete mwa dzenje, n'kugwira muzuwo ndi manja awiri.

"Ndinawerengapo kuti umachita chonchi," anatero chapansipansi. "Funso lake linabwera pamayeso, ndipo ndinakhoza. Koma sindinauonepo. Mukuti pansi pa kampanda kalikonse pali chonchi?"

"Ena ngati mkono, ena ngati mwendo. Uyu ndiye wamkulu."

Ola limodzi lija linafika masana. Abwana anayenda phiri lonse ndi kope, amayi patsogolo akuloza, uyu ndinamupeza chaka cha mvula yochedwa, uyu mbuzi inamudya kawiri. Potsika, abwana anawauza mosabisa kuti mphamvu zoletsa katapila alibe, koma alemba kalata, ndipo aikamo zonse zimene aona.

Yankho linabwera patatha masabata awiri, ndipo linali la theka. Kumtunda kwa thanthwe lija kusiyidwe. Kumunsi kugumulidwe. Mtengo wopindika unali kumtunda, koma kumunsi kunali timipanda pafupifupi zana limodzi ndi theka.

Tinayesa kusamutsa. Lamlungu lililonse banja lonse linkakwera, mkazi wanga ali ndi pakati, ang'ono ake ndi makasu, ine ndi piki. Tinakumba mizu makumi anayi n'kukaikwirira kumtunda. Inapulumuka itatu yokha. Woyamba uja, amene ndinakhapa pamaso pa abwana, sanaphukenso. Amayi sananene kanthu chaka chonse. Tsiku lina tikumwa tiyi anangoti, "Uja ndinamupha ndine," n'kupitiriza kumwa.

Tsiku la katapila anapempha tchuthi. Anazika timitengo m'malire n'kumangirira nsanza zofiira, kenako anaima pathanthwe m'jombo zawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Katapila ikayandikira, ankangokweza dzanja. Woyendetsa anandiuza pambuyo pake kuti miyala sinkamuopsa ngati mmene ankamuopsera mayi wamfupi uja. Anasiya dala kachigawo ka mapazi khumi kunsi kwa nsanza, ndipo m'menemo munapulumuka timipanda khumi ndi kamodzi.

Chaka chotsatira, chakumapeto kwa chilimwe, ndili pabenchi ndikupaka guluu, amayi analowa mu shedi akupuma mwabefu, osapereka ngakhale moni.

"Wakana kufa!"

Ndinaganiza kuti wina wadwala. "Ndani, amayi?"

"Wa pafupi ndi msuku uja! Wandifika m'phewa, chilimwe chonse chatha, ndipo ali chilili. Wayoyola masamba basi, koma thunthu ndi laliwisi. Ndakanda ndi chikhadabo."

Anakhala pa mulu wa matabwa n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika, akupukuta ndi chibakera. Ine ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku la katapila. Guluu uja anauma ndili chiimire, ndipo mwendo wa tebulo ndinachita kuupalanso.

Kuchokera pamenepo milombwa inayamba kunyamuka, chaka chino isanu, chamawa makumi awiri, ngati yapangana. Mlombwa ukaganiza zokwera sucheuka. Umatulutsa thunthu limodzi lowongoka, ndipo pa mvula imodzi umatha kumupitirira munthu. Abwana analamula kuti tsiku limodzi pamwezi anthu awiri azikwera ndi amayi kukapalira, ndipo moto wopepuka uziyatsidwa udzu usanaumitsitse, amayi akanena kuti nthawi yakwana. Anawapatsanso chitini cha penti wabuluu choti azilembera manambala pamakungwa. Amayi sukulu analekeza sitandade 3, koma manambala awo anali owongoka kuposa anga.

Kapitawo nthabwala ya miyala anaisiya. Kukabwera alendo ankatsogola ndiye, n'kumati, "Iyi ndiyo milombwa yathu."

"Yathu kuyambira liti, a kapitawo?" amayi ankafunsa ali kumbuyo.

"Aa, Amiyala, zakale n'zakale."

Atapuma pantchito anabwera kudzakhala nafe. Ndinawamangira chipinda kuseri kwa shedi, windo lake loyang'ana kumsewu kuti aziona odutsa. Koma sabata ziwiri zilizonse ankavala jombo, n'kukwera minibasi, ola lathunthu, kukaona phiri. Alonda a pageti sankawafunsa n'komwe.

Pali tsiku limodzi limene sindinyadira kwenikweni, koma ndilinena. Nthawi imeneyo mlombwa unali utasowa. Panali kasitomala amene ankafuna chitseko cha mlombwa, ndipo anali atandizungulira miyezi itatu. M'mawa wina kunafika bambo ndi matabwa panjinga, atawaphimba ndi thumba. Ndinkamudziwa pang'ono, anakulira pamzere wa nyumba za kampani zija. Anavundukula. Matabwawo anali opapatiza, osapitirira chikhatho ndi theka, aawisi, mbali zonse zoyera, kufiira kuli pakati pokha ngati kamzere. Munthu aliyense wa ntchito yanga akanadziwa kuti ndi mtengo waung'ono. Ndinadziwa. Komabe ndinanyamula thabwa limodzi, n'kumaliyeza ndi maso, mutu ukuwerengera kuti atalumikizidwa asanu ndi limodzi chitseko chituluka. Ndinaligwira nthawi yaitali kuposa mmene ndinayenera.

Polipendeketsa ndinaona khungwa lotsalira m'mphepete. Panali penti wabuluu, theka la 6 ndi 2 wathunthu.

Amayi anatulukira kuseri ndi kapu ya tiyi. Anaona thabwalo m'manja mwanga. Anaika kapu pabenchi pang'onopang'ono, n'kudzaligwira, n'kutsatira nambalayo ndi chala.

"Mwadula ingati, bambo?" anafunsa mlendoyo. Mawu awo anali otsika, oti ndinachita kutchera khutu.

"Amayi, ine sindimadziwa kuti mumakhala kuno…"

"Ingati?"

"Inayi."

"Uwu ndinauikira miyala inu mukuvala kabudula wa sukulu. Mayi anu ankandibwereka khasu lokapalirira. Taonani, mtima wake sunakhwime n'komwe. Mwadula mwana, bambo. Ngakhale chitseko chake chikanapindika."

Munthuyo anangoti zyoli. Ine ndinafuna kuti tiitane alonda a kampani, mwina pofuna kubisa manyazi anga. Amayi anakana. Anamuuza kuti akakumane nawo paphiri mawa lake, ali ndi sowo wake yemweyo. Anapita, ndipo amayi anamuonetsa kudula zitsazo mopendekeka kuti madzi asaime, ndi kuunjikapo minga kuti mbuzi zisadye mphukira. Anabwera kawiri, kachitatu sanaonekenso, ndipo tinamva kuti anasamuka. Zitsa zitatu mwa zinayizo zinaphuka.

Matabwa aja anawasiya mu shedi. Ndinafunsa amayi chochita nawo.

"Adulidwa kale. Musawataye, koma musawagulitse."

Ndinakhomera kabokosi kosungiramo njere. Kasitomala uja ndinamuuza kuti asankhe thabwa lina, ndipo anapita kwa mnzanga ali wokwiya. Kuyambira tsiku limenelo, thabwa la mlombwa losafika utali wa mkono wanga m'lifupi silimalowa mu shedi yanga. Ocheka matabwa amati ndine wovuta. Ndimavomera.

Milombwa ya amayi inayamba kuchita maluwa chaka chachiwiri atapuma pantchito, itatu yokha poyamba, maluwa ake ochepa ngati ikuchita manyazi. Patapita zaka zinayi, kumtunda konse kwa thanthwe kunkaoneka chikasu uli pamsewu waukulu, moti oyendetsa minibasi ankachepetsa liwiro kuti anthu aone.

Chaka chimenecho kunabwera kalata. Abwana achitsikana aja anali atakwera mpaka kulikulu, imvi zitayamba. Anakonza zoti ogwira ntchito m'manazale osiyanasiyana abwere pa mabasi awiri kudzaphunzira za mitengo yachilengedwe, ndipo anafuna kuti amayi akakhalepo. Mkazi wanga anawasokera diresi yatsopano. Anavala diresiyo, n'kuvalanso jombo, ndipo palibe analimba mtima kunenapo kanthu.

Anthu anakhala pansi pa mitengo, maluwa akuwagwera pamitu. Poyamba analankhula mphunzitsi wina wa ku koleji, wa magalasi, munthu waulemu ndithu. Anafotokoza bwino, koma atafika pa njere ananena kuti kuli bwino kuzifesa m'machubu kenako n'kudzawokera.

"Ayi," anatero amayi ali pampando, ndipo phiri lonse linamva.

Mkazi wanga anandifinya mkono. Abwana anaimirira akumwetulira.

"Anzanga, awa ndi aphunzitsi anga," anatero. "Za mtengo uwu ine ndinakhoza mayeso, koma anandiphunzitsa ndi amayiwa, ndi piki. Amayi, mphindi khumi n'zanu."

Amayi anaimirira. Sanayambe ndi mawu. Anatola chipatso chouma, anapempha machesi, anaunjika timaudzu n'kuyatsa. Moto utazima anatola chipatsocho chili chakuda, ubweya ndi phiko zitapsa, n'kuchiswa ndi mwala, n'kuonetsa kanjere kofiirira pachikhatho. Kenako anayamba: poti njere igwere, mchenga wotani, mthunzi wochuluka bwanji umaupha, mphukira yake umaisiyanitsa bwanji ndi ya mitengo ina, moto uyatsidwe mwezi uti ndiponso mphepo ikuchokera kuti. Anawanyamula onse kukawaonetsa zitsa zophuka zija. Mphunzitsi wa magalasi anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba, akufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu, ndipo amayi ankamuyankha kuti "mwana wanga". Mayi wina wa ku nazale ya kutali anakweza dzanja n'kunena kuti kwawonso kuli timitengo totere m'mphepete mwa msewu wa moto, ndipo wakhala akutitchetcha zaka khumi.

"Musadzimvere chisoni," anatero amayi. "Timitengoto tili pompo pansi, tikukudikirani. Mukangosiya."

Mphindi khumi zija zinatha maola awiri. Anasiya chifukwa madalaivala a mabasi anayamba kuliza mahutala. Ine ndinaima kumbuyo, ndipo munthu wina amene sindimudziwa anandifunsa ngati ndikuwadziwa mayiwo.

"Ndi apongozi anga," ndinatero. Ndinabwerezanso kachiwiri ngakhale anali atamva.

Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu. Mawu akadali omwe aja, koma maondo anawakana. Kuchoka kuchipinda kufika pabenchi yanga amapuma kawiri. Seputembala wapitayu anakhala masiku atatu osalankhula bwino, akungoyang'ana pawindo, mpaka mkazi wanga anandikokera pambali.

"Bambo ake, amayi akufuna phiri. Sanena, koma akufuna."

Ndinaitana akamwini anzanga awiri, amuna a alamu anga. Wina ndi telala, wina amayendetsa lole. Wa loleyo anatitengera tonse mpaka pageti la nazale, ndipo kumeneko tinabwereka wilibala. Tinayalamo bulangeti ndi mapilo awiri.

"Ine mu wilibala? Ngati thumba la manyowa?" anatero amayi.

"Ndiye tibwerere, amayi?"

"Ndani wanena zobwerera? Ndinyamuleni bwino."

Tinkasinthana. Mmodzi kukankha, awiri kukoka ndi chingwe kutsogolo, akazi athu ndi ana m'mbuyo akuseka. Telala, amene chinthu cholemera chimene amanyamula ndi sizasi, anatuluka thukuta mpaka m'makutu. Tayala linkalira njira yonse. Amayi anakhala tsonga, manja ali m'mbali mwa wilibala, akulamula: kumanja, bambo, mupondapo mwana apo, inu a telala kokani, musamangogwira chingwe.

Titafika pathanthwe tinaima. Pamwamba pathu panali denga lachikasu lokhalokha, mitengo yowongoka yoti ina sindingathe kuikumbatira ndi mikono iwiri, ndipo kamphepo kakawomba maluwa ankagwa ngati mvula yowaza. Ana anathamanga uku ndi uku akuwawakha. Amayi anayang'ana m'mwamba, mutu uli chagada, maluwa akugwera pa diresi ndi m'bulangeti. Kenako anayamba kutchula manambala, mtengo ndi mtengo, osayang'ana penti, ndipo mdzukulu wawo wamkulu ankathamanga kukaona ngati alondola. Anaphonya umodzi wokha, ndipo anati penti ndi amene walakwa.

Tinakhala mpaka dzuwa linafika pamutu. Potsika ndinagwira ndine zigwiriro, chifukwa kutsetsereka ndi kumene kumafuna munthu wa manja. Tili pakati pa njira amayi anatembenuka pang'ono.

"Bambo a kalipentala."

"Amayi."

"Chaka chamawa mubwere ndi girisi. Tayala ili likulira ngati nkhumba, munthu sungamve ngakhale zoganiza zako."

"Ndamva, amayi."

"Ndipo a telala muwasiye kunyumba. Azikasoka."

Telala anaseka mpaka anasiya chingwe, ndipo tinafika pageti tonse tili amoyo.